Tisanole Mpeni Mlandu Usanazengedwe: Chifukwa Chake Kalulu Wamkazi Amachepetsa Ana Akamakula

 Tasonkhana pansi pa mtengo uno kuti tikambirane za akalulu athu. Ndipepeseretu kwa akuluakulu ndi kwa apongozi amene mwakhala moyandikana: nkhani yathu ndi ya kuswana kwa ziweto, choncho mawu ena amene sititchula pagulu ndiwatchula ndithu. Sikuti ndikulaula, ndikuphunzitsa.

Pali dandaulo limene ndimalimva kulikonse kumene anthu akuweta akalulu. Mlimi amati: “Kalulu wanga uja ankaswa eyiti, naini, koma pano akungoswa atatu. Watha ameneyu, wakalamba.” Akatero, mawa lake mpeni wanoledwa, madzulo ndiwo zili pamoto.

Inenso ndinachitapo zimenezi, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinali ndi kalulu wamkazi woyera, wamaso ofiira, wa mtundu wa New Zealand White. Ana kunyumba ankamutcha Agogo chifukwa khola lonse linachokera mwa iye. Ankaswa 9, nthawi zina 8, ndipo ankalera onse. Chaka china mu Januwale ndinatsegula bokosi loswera, n'kukankha ubweya ndi chala, ndinapeza tiana titatu tokha. Ndinati basi, wakalamba. Ndinamupha atangomaliza kuyamwitsa. Komatu m'mwezi womwewo msoti wake, umene ndinakweretsa ndi mphongo yomwe inakweranso Agogo, unali utaswa tiwiri. Kalulu wa mnansi wanga, amene anabwereka mphongo yanga ija, anaswa kamodzi. Ndinazilumikiza mochedwa. Khola la mphongo linali la denga la lata, loyang'ana kumadzulo, ndipo inapsa ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala yense. Nditaisamutsira pamthunzi wa mango, pofika Malichi ana anabwerera pa 8. Agogo analibe mlandu. Ndinapha wosalakwa, ndipo madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake lero ndikufuna tichite monga mmene mafumu athu amachitira pabwalo. Sagamula mlandu atangomva mbali imodzi. Tiitana mboni zisanu: yoyamba ndi ukalamba weniweniwo, yachiwiri ndi thupi la kalulu wamkazi, yachitatu ndi mphongo, yachinayi ndi kakweretsedwe kathu, yachisanu ndi matenda pamodzi ndi chibale. Tikamva zonsezi, mfundo yachisanu ndi chimodzi idzakhala chigamulo. Mawu oti mupite nawo kwanu ndi awa: ukalamba ulipo, koma uzikhala womaliza kuuloza chala.

Bwalo lisanayambe, titsimikize kaye kuti mlandu ulipodi. Ambiri timawerenga ana pamene ayamba kutuluka m'bokosi, patatha pafupifupi milungu itatu. Apo tachedwa. Mwina anabadwa 8, makoswe anatenga awiri, linthumbu linapha mmodzi, awiri anagwera kunja n'kufa ndi chisanu. Werengani tsiku lomwe abadwa kapena m'mawa mwake. Mpatseni make masamba amene amawakonda, sambani m'manja popanda sopo wonunkhira, werengani amoyo ndi akufa, chotsani akufawo, mubwezere ubweya. Kuswa ana ochepa ndi vuto lina, kutaya ana obadwa kale ndi vuto linanso, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Mfundo yoyamba: ukalamba weniweni

Sindikukana kuti kalulu amakalamba. Wamkazi wa mitundu monga New Zealand White ndi Californian timayamba kumukweretsa ali ndi miyezi 5 kapena 6. Bere loyamba kawirikawiri limakhala la ana ochepa. Kuyambira lachiwiri mpaka cha m'ma lachisanu ndiye pachimake. Akamafika zaka 3, chiwerengero chimayamba kutsika, ngakhale kuti ena osamalidwa bwino amapitirira pamenepo.

Kodi m'katimo mumachitika chiyani? Chiberekero cha kalulu chili ndi nthambi ziwiri, ndipo tiana timandandalika m'nthambizo ngati nyemba m'khoko mwake. M'zaka za m'ma 1970, ofufuza anayesa kutenga timazira tokumana kale ndi umuna n'kutisamutsa kuchoka mwa kalulu wina kupita mwa wina. Anapeza kuti wokalamba amatulutsabe timazira tambiri ndithu, koma chiberekero chake ndicho chimalephera kusunga tonse mpaka tsiku lobadwa. Inu alimi mukuzidziwa bwino zimenezi. Munda ukaguga, mbewu mumabzala yomweyo, phando lililonse, koma zimene zimafika pokolola ndi zochepa. Vuto si mbewu, nthaka ndiyo yatopa.

Tiana timene tafa bere likadali laling'ono sitituluka ayi. Timasungunukira m'thupi mwa make, osaona magazi, osaona chilichonse. Amene mumadziwa kupapasa mimba patatha masiku 12 mpaka 14 mukhoza kumva timibulu tambiri tonga masawu, koma pa tsiku la 31 n'kubadwa titatu. Palinso chotupa cha m'chiberekero chimene chimakonda akalulu aakazi opitirira zaka 3 kapena 4. Zizindikiro zake zoyamba ndi zomwezi: ana ochepa, ana obadwa akufa, kenako timagazi potsiriza kukodza. Koma chenjerani, mkodzo wa kalulu umatha kufiira chifukwa cha masamba amene wadya, choncho aitaneni alangizi a ziweto aone musanaganize zambiri.

Gwirani ichi: ukalamba umatsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika phiri. Lero 9, kenako 8, kenako 6, kenako 5. Koma kalulu wa zaka ziwiri akachoka pa 9 n'kugwera pa 3 kamodzin'kamodzi, umenewo si ukalamba. Itanani mboni ina.

Mfundo yachiwiri: thupi la kalulu wamkazi

Pano pali maenje awiri, lina kumanja, lina kumanzere: kuonda ndi kunenepa. Maso amanama chifukwa ubweya umabisa zambiri. Yendetsani dzanja pamsana. Mukamva mafupa akubaya ngati mano a sowo, waonda. Mukapanda kuwamva n'komwe, wanenepetsa. Woyenera ndi amene mafupa akumveka koma ali ndi mnofu wowakuta.

Tiyambe ndi woonda. Kalulu amatha kutenga bere tsiku lomwe waswa, ndipo ena mwa ife timakondwera nazo. Tamva kuti ku France, ku Italy ndi ku Spain amakweretsa patangotha masiku 11 chiswereni. N'zoona, koma kumeneko akalulu amadya chakudya chakufakitale chopimidwa bwino, amakhala m'nyumba zoziziritsidwa, ndipo aakazi pafupifupi onse amasinthidwa chaka ndi chaka chifukwa amatha msanga. Ife tikufuna kutengera liwiro lawo pamene tikudyetsa chisoso ndi madeya. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Taganizirani mayi amene akuyamwitsa ana 8, mkaka uli pachimake pa mlungu wachitatu, m'mimba mulinso ena 8, chakudya n'chomwecho. Thupi limasankha lokha, ndipo limataya a m'mimbawo. Kalulu wotere amakalamba ali ndi chaka chimodzi ndi theka, koma amene wamukalambitsa ndi mwini wake. Kwa ife odyetsa zakumunda, ana ayamwe milungu 6 mpaka 8, make abwerere m'thupi, ndiyeno akwere. Kuswa kanayi pa chaka kwa zaka zitatu kumaposa kuswa kasanu ndi kawiri chaka chimodzi kenako n'kuferatu.

Tsopano wonenepa. Uyu ndiye amatinyenga, chifukwa alendo akabwera timawaonetsa yemweyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amayi amene mumatumbula akalulu mwaonapo mafuta oyera atakuta impso ndi ziwalo zoberekera. Kalulu wotere amakana mphongo, akalola satenga, akatenga amaswa ochepa ndiponso movutikira. Zimachitika tikamamuunjikira madeya ndi chimanga pamene sakuyamwitsa, kapena tikamusiya miyezi yambiri osamukweretsa poti tikumupumitsa. Kupuma kopitirira muyeso kumatseka mimba, makamaka kwa wamkulu kale. Mankhwala ake ndi kuchepetsa madeya, kuchulukitsa udzu ndi masamba, n'kumukweretsa akangotsika thupi.

Pa chakudya ndionjeze zinayi. Choyamba, wabere ndi woyamwitsa amafuna zomanga thupi zokwana magawo 16 mpaka 18 pa 100 alionse a chakudya chake, ndipo madeya okha safika pamenepo. Sakanizani ndi soya wokazinga n'kupera, perekani masangwi a mtedza, kholowa, bonongwe, masamba a mabulosi ndi cham'mwamba. Lukina ndi wabwino, koma pang'ono pokha, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kusokoneza kuswana. Chachiwiri, m'chilimwe zobiriwira zikasowa, vitamini A amasowanso, ndipo kusowa kwake kumapha tiana m'mimba. Amene muli ndi dimba, kamzere kamodzi kakhale ka akalulu. Chachitatu, madeya kapena masangwi a chuku musapereke, ndi poizoni. Chachinayi, madzi. Bodza lija lakuti kalulu samwa madzi latiphera ziweto zambiri. Woyamwitsa amatha kumaliza lita yathunthu pa tsiku, nthawi yotentha n'kupitirira.

Ndibwereze: musanati wakalamba, yendetsani dzanja pamsana pake.

Mfundo yachitatu: mphongo

Abambo, apa mundimvetsere bwino. Kumudzi kuno banja likasowa mwana, chala chimathamangira kwa mayi. Khalidwe lomwelo talilowetsa m'khola. Komatu mphongo ndi theka la khola lonse. Wamkazi mmodzi akalephera, mwataya bere limodzi. Mphongo ikalephera, mwataya mabere onse.

Mdani wamkulu wa mphongo ndi kutentha. Kalulu satuluka thukuta monga ife. Amadziziziritsa ndi makutu ake ndiponso kupuma mofulumira. Amasangalala kukamazizira, cha m'ma 15 mpaka 21 digiri, ndipo kukapitirira 30 kwa masiku angapo umuna wake umafooka. Chimene chinandipusitsa ine n'chakuti mphongo imaoneka yamphamvu, imakwera bwinobwino, koma mbewu yake ndi mphwepwa. Ndipo sichira tsiku limene mvula yagwa, chifukwa thupi limatenga pafupifupi milungu 7 kuti lipange umuna watsopano. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala mumalilipira mu Januwale. Abale athu a ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Mangochi ndi ku Salima amalimbana ndi zimenezi miyezi yambiri kuposa a ku Dedza kapena ku Mzimba. Wamkazinso kutentha kumamuchepetsa kudya ndi kumuphera tiana m'mimba.

Choncho khola likhale pamthunzi, mphepo izidutsa. Ngati denga ndi la lata, yalani udzu pamwamba. Masana otentha pachikani chiguduli chonyowa kumbali. Kumbukiraninso kuti mphongo nayo imakalamba, imanenepetsa, ndipo imatopa. Imodzi isapitirire aakazi 10, ndipo muzipatsa masiku opuma. Njira yodziwira ndi yapafupi: ngati aakazi onse, achikulire ndi misoti yomwe, achepetsa ana nthawi imodzi, mlandu suli kwa iwo.

Mfundo yachinayi: kakweretsedwe kathu

Kalulu ndi wosiyana ndi mbuzi kapena ng'ombe. Wamkazi satulutsa timazira payekha pa nthawi yoikika. Chimene chimatitulutsa ndi kukweredwa, ndipo timatuluka patatha maola 10 mpaka 12. Ndiye kuti mmene takweretsera zimakhudza kuchuluka kwa ana.

Poyamba, muoneni ngati ali wokonzeka. Mugwireni bwino, muyang'ane kumaliseche kwake. Kukakhala kofiira, kotupa pang'ono ndi konyowa, ndiye nthawi yake. Kukakhala kotuwa ndi kouma, mubwezeni, mudzayesenso pakapita masiku awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokakamizidwa nthawi zambiri satenga.

Kachiwiri, wamkazi ndiye apite kwa mphongo, osati mphongo kwa wamkazi. Wamkazi amalusa m'khola mwake ndipo akhoza kuiluma, pamene mphongo ikafika pachilendo imataya nthawi n'kununkhiza ngodya. Kachitatu, kweretsani m'mamawa kapena madzulo kukazizira. Kachinayi, imani pomwepo muone ndi maso anu. Mphongo ikamaliza imagwa cham'mbali kapena chagada, kawirikawiri ndi kakulira. Isiyeni ikwere kachiwiri, kenako mubwezereni wamkazi kwake. Musawasiye kugona pamodzi milungu, chifukwa mphongo imasautsa wabere mpaka kupoloza, ndiponso simudziwa tsiku loika bokosi, limene liyenera kulowa cha pa tsiku la 28.

Palinso bere labodza. Aakazi akamakhala khola limodzi amakwerana okhaokha, ndipo thupi limanyengeka kuti latenga. Kalulu wotere amakana mphongo, ndipo cha pa tsiku la 16 mpaka 18 amayamba kuzula ubweya ndi kutola udzu, koma mwana osaoneka. Mwini wake amati wauma. Sanaume, akungofuna chipinda chakechake.

Mfundo yachisanu: matenda ndi chibale

Kalulu wa chimfine chosatha, woyetsemula, wa timiyendo takutsogolo tonyowa chifukwa chopukuta mamina, musamuone ngati wadwala mphuno yokha. Tizilombo timene timayambitsa chimfinecho timatha kufika m'chiberekero n'kuchititsa mafinya. Palinso chindoko cha akalulu, chimene chimaoneka ndi tizilonda ndi nkhanambo kumaliseche, pamphuno ndi pamilomo. Sichigwira anthu, koma chimayenda ndi kukwerana, ndipo mphongo yobwerekana ikhoza kuchizunguza mudzi wonse. Chimachizika ndi jakisoni wa alangizi. Musamwetse kalulu makapisozi a anthu, chifukwa ena mwa iwo amaononga m'matumbo mwake n'kumupha. Muziyang'ananso mawere ngati atupa ndi kulimba, zilonda zakumapazi, ndi nkhanambo za m'makutu. Chilichonse chomulanda mtendere chimamulandanso ana.

Tsono chibale. Ambiri tinayamba ndi akalulu awiri, wamkazi ndi wamphongo, mwinanso a bere limodzi. Patha zaka zinayi, khola ladzaza, koma onse ndi magazi amodzi: bambo akukwera mwana wake, mlongo ndi mlongo wake. Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete. M'badwo uliwonse ana amachepa, amabadwa ofooka, ena mano opotoka. Mukaona kuti msoti ukuswa ochepa kuposa mmene make ankaswera pa msinkhu womwewo, funsani za chibale. Apa chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ife oweta akalulu tigwirizane zosinthana mphongo chaka ndi chaka, ndipo nthawi zina tisonkhe ndalama tikagule ina kutali. Koma mlendo aliyense ayambe wakhala payekha milungu iwiri kapena kuposerapo, timuone ngati ali bwino, asanalowe m'khola.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi: chigamulo

Mboni zonse zalankhula. Koma bwalo lopanda mlembi limaiwala, ndipo mutu wa munthu si kaundula. Gulani kope wamba la ana asukulu. Kalulu wamkazi aliyense akhale ndi tsamba lake. Mulembepo zinthu zisanu zokha: tsiku lobadwa iyeyo, tsiku lokweretsa ndi mphongo yake, tsiku loswa, ana obadwa amoyo ndi akufa, ndi ana amene afika posiya kuyamwa. Amene zolemba zimakuvutani, mdzukulu wa Sitandade 5 akhoza kukulemberani. Ndikanakhala ndi kope chaka chija, ndikanaona tsiku lomwelo kuti akalulu atatu osiyana misinkhu agwa pamodzi, ndipo onse anakumana ndi mphongo imodzi.

Wamkazi akachepetsa ana, lamulo limene ine ndimatsata ndi ili. Ndimakonza thupi lake, ndimamuyang'ana matenda, ndimamupatsa mphongo ina yodziwika kuti ikubereketsa, pa nyengo yozizira. Ndimamuyesa kawiri. Akabwerera mwakale, ndiye kuti wolakwa ndinali ine. Akaswabe osakwana 5 maulendo onse awiri, pamenepo ndimavomera kuti wakalamba, ndipo ndimamuchotsa ndi mtima woyera, chifukwa khola ndi chakudya zimene akudya zikhoza kusunga msoti.

Koma poweruza muziwerenga ana oleredwa, osati obadwa okha. Wachikulire woswa 6 n'kulera onse 6 amaposa msoti woswa 10 n'kutsala ndi 4. Ndiponso wachikulire wa mkaka wambiri ndi mlezi wabwino. Kweretsani iye ndi wina tsiku limodzi. Akaswa, tengani ana awiri kapena atatu kwa amene wachulukitsa, pakuti mawere kawirikawiri amakhala 8, muwaike m'chisa cha wachikulireyo m'masiku atatu oyamba, muwafunditse ubweya wa m'chisamo. Adzawalera ngati ake.

Pomaliza, nkhanga zinapangana kusanapse. Musadikire kuti kalulu wanu wabwino atheretu ndiye muyambe kusaka wolowa m'malo. Pamene ali pachimake, sankhani ana ake aakazi awiri athanzi, ochokera m'bere la ana ambiri, muwasunge. Ambiri timagulitsa okongola n'kusunga otsalira, kenako timadabwa kuti khola likubwerera m'mbuyo.

Amayi ndi abambo, ndibwereze mwachidule kuti tisaiwale. Werengani ana tsiku lobadwa. Ukalamba umatsika pang'onopang'ono, sugwa kamodzi. Yendetsani dzanja pamsana. Ifunseni mphongo ndi dzuwa limene yapsa nalo. Kweretsani wokonzeka, kozizira, inu muli pomwepo. Thamangitsani matenda ndi chibale. Ndipo lembani.

Kalulu ameneyu ndi amene amatigulira mchere ndi sopo, amaika nyama m'mbale ya mwana, ndipo manyowa ake amabiriwitsa dimba. Sangathe kuima pabwalo n'kudziyankhira, choncho womuyankhira ndinu. Pempho langa ndi limodzi: mukafika kunyumba madzulo ano, musanalowe m'nyumba, pitani kukhola, mumugwire pamsana kalulu amene munati watha uja, muyang'ane denga limene lili pamwamba pa mphongo yanu, ndipo sabata ino isathe musanagule kope. Mpeni udikire mpaka mlandu utazengedwa.